Wosunga buku la ndalama za eni ake

Mwezi ukalowa mumdima, nyanja ya ku Nkhotakota imasanduka mudzi wa nyali. Usiku wonse asodzi a chilimira amakhala ali kalikiliki kukoka usipa, ndipo kukamacha padoko pamachita ngati pamsika wa mumzinda: amayi ndi mabeseni awo, anyamata a kabaza, ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu, ndalama zikudumpha kuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo mchenga usanatenthe n'komwe. Mlendo woona zimenezi akhoza kulumbira kuti m'dera la mfumu yaikulu Malengachanzi mulibe umphawi. Koma mlendo yemweyo atabweranso m'mwezi wa Juni kapena Julayi, mwera utakalipa, mabwato ali chigonere pamchenga, akhoza kupeza makomo omwewo akupemphana ufa wa kondowole.

Vuto la kunyanja si kusowa kwa ndalama kokha ayi. Ndalama zimabwera ndithu, koma kabweredwe kake n'kofanana ndi ka mvula ya mkuntho: zimakhuthuka pakamodzi, n'kutha pakamodzi. Msodzi amazigwira usipa ukamafa. Mlimi wa mpunga wa m'madambo a Kaombe ndi Bua amazigwira akakolola cha mu Meyi ndi Juni. Chaka chili ndi miyezi 12, koma thumba la banja limadzaza miyezi itatu kapena inayi yokha, pomwe fizi ya mwana, matenda, maliro ndi feteleza sizifunsa kuti nyanja yadzuka bwanji. Pampata umenewu, pakati pa miyezi ya mwanaalirenji ndi miyezi ya usiwa, ndi pamene pamaima munthu amene tikufuna timuyang'ane lero: mlangizi wa zachuma.

Tikamva dzina limeneli, ambiri a ife timaona m'maganizo mwathu bambo wa tayi, wokhala mu ofesi yozizira ku Blantyre kapena ku Lilongwe, wolangiza anthu opeza bwino za masheya ndi za penshoni. Oterowo alipo, ndipo ntchito yawo ndi yofunika. Koma mlangizi amene amafika pakhomo pa msodzi ndi pa mayi wogulitsa zitumbuwa amayenda pa njinga yakapalasa. Ofesi yake ndi tsinde la mtengo wa mango, khonde la tchalitchi, kapena kalasi ya pulayimale ana akaweruka. M'chikwama mwake mumakhala kope, cholembera, chidindo ndi foni yowerengetsera. Dzina lake sititchula, pakuti sali mmodzi: m'mudzi uno ndi bambo, m'mudzi winawo ndi mayi, ndipo anthu amangomutcha kuti alangizi a banki m'khonde.

Ngongole yopanda mwini

Kuti timvetse kulemera kwa ntchito yake, tiyenera kukumbuka kumene tachokera. Kwa zaka zambiri ngongole imene anthu a kumudzi ankaidziwa bwino inali ya boma. Alimi ankatenga feteleza ndi mbewu kudzera m'makalabu, pansi pa bungwe la SACA, ndipo m'masiku a chipani chimodzi wosabweza ankadziwa chimene chikumudikira. Chilala cha 1992 ndi mphepo ya ndale za zipani zambiri zitafika, kubweza kudagwa pansi, bungwelo n'kufa. Mu 1994 kudabwera Malawi Rural Finance Company. Mu 2005 kudabwera thumba la MARDEF, limene mu 2014 lidasanduka MEDF, kenaka mu 2020 lidatchedwa NEEF. Maina adasintha, koma nthenda imodzi idakanirira: ambiri a ife tidazolowera kuganiza kuti ngongole ya boma ilibe mwini, ndi kuti ikadza nthawi ya chisankho ndiye kuti ndi mphatso.

Kumbali inayo kunali katapila, ndipo akadalipo. Ameneyu mwini wake alipo, ndipo sagona tulo. Wobwereka K50,000 amabweza K75,000, mwinanso K100,000, pakutha pa mwezi. Akalephera, wailesi, njinga, ukonde, ngakhale khadi la kubanki zimatsalira kwa wobwereketsa. Alimi a mpunga amadziwanso katapila wa mtundu wina: kulandira kandalama mu Januwale, njala itafika pakhosi, n'kulonjeza thumba la mpunga umene sunabereke n'komwe. Nthawi yokolola ikakwana, mlimi amapuntha, wina n'kunyamula.

Pakati pa ngongole yopanda mwini ndi ngongole ya mwini wankhanza padabadwa njira yachitatu. Mbewu yake idafesedwa kale: m'zaka za m'ma 1970 mpingo wa Katolika pamodzi ndi boma adalimbikitsa mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, amene timawatcha ma SACCO, ndipo mu 1980 mabungwewa adakhazikitsa mgwirizano wawo, MUSCCO. Koma njira imene idalowa mpaka m'khonde mwa mayi wosadziwa kulemba idachokera kutali, ku dziko la Niger, kumene bungwe la CARE lidayamba mu 1991 kuphunzitsa amayi a kumudzi kusonkha ndalama zawo ndi kubwerekana okhaokha. Njirayi itafika kuno, Amalawi adaipatsa dzina loiyenera: banki m'khonde.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Anthu odziwana, 15 kufikira 25, amasankha wapampando, mlembi, msungichuma ndi owerenga ndalama awiri. Pamsonkhano uliwonse aliyense amagula masheya, kuyambira imodzi kulekeza asanu, ndipo chidindo chimagwa m'kabuku kake. Pambali pamakhala kathumba ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro. Wofuna ngongole amapempha pamaso pa onse, ndipo lamulo limene alangizi amaphunzitsa ndi lakuti asatenge zoposa katatu zimene wasunga. Bokosi lachitsulo limatsekedwa ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, bokosilo lili kwa wachinayi. Pakatha miyezi 9 kapena 12, nthawi zambiri cha mu Disembala, amagawana zonse pamodzi ndi phindu, yense molingana ndi masheya ake. Nzeru ya maloko atatu ndi yakuya. Gulu silikunena kuti msungichuma ndi wakuba. Likunena kuti munthu wabwino sitimusiya yekha ndi yesero.

Njinga, kope ndi mbiri yabwino

Mlangizi wathu kawirikawiri amayambira pamkeka womwewo. Mwina adalekeza sukulu Fomu 2 kapena Fomu 4 fizi itasowa, ndipo gulu lidamusankha kukhala mlembi chifukwa dzanja lake limawerengeka ndipo masamu sawaopa. Ogwira ntchito ku bungwe lina ataona kuti zolembedwa m'kope lake sizisiyana ndi zimene zili m'bokosi, adamutengera kumaphunziro a masiku ochepa, n'kumupatsa njinga, kuti azikakhazikitsa magulu ena m'midzi yoyandikana. Masabata oyamba amakhala pamsonkhano uliwonse wa gulu latsopano, kuphunzitsa malamulo ndi kuwongolera mlembi. Kenaka amayamba kubwera mwa apo ndi apo, pakuti cholinga n'chakuti gulu liziyenda lokha. Mlangizi wabwino amadziwika ndi magulu amene sakumufunanso sabata iliyonse.

Mayeso enieni amadza ntchito ya bungwe ikatha. Galimoto zolembedwa maina zimachoka, kandalama ka pamwezi kamaleka, njinga imatha matayala. Ena pamenepo amagwa mphwayi. Ena amapitiriza, magulu eni ake n'kumawapatsa kangachepe akabwera kudzaphunzitsa kapena kudzathandiza pa tsiku logawana. Owerengeka amakwera: amalembedwa ntchito ku SACCO, ku COMSIP kapena ku mabungwe obwereketsa ndalama, ena n'kubwerera kusukulu kukaphunzira zowerengera ndalama ku Malawi College of Accountancy. Koma angakwere chotani, chimene chimamutsegulira makomo m'mudzi ndi mbiri yake: kuti pa zaka zonsezi palibe tambala ya mwini imene idasowera m'manja mwake.

Akakwera chomwecho amafika pamphambano. Wogulitsa ngongole ndi mlangizi onse amanyamula kope, koma miyeso yawo ndi yosiyana. Woyambayo amayesedwa ndi kuchuluka kwa anthu amene wawakongoza mwezi uno. Winayo amayesedwa ndi kuchuluka kwa mabanja amene chaka chatha akadali ndi denga, mbuzi ndi mtendere. Munthu mmodzi akhoza kusenza maudindo onse awiri, ndipo nkhondo yake imakhala ya mumtima: bwana ku ofesi akufuna chiwerengero chikwere, pomwe iye akuona ndi maso ake kuti mayi amene waima pamaso pakeyu sangathe kubweza. Chimene asankhe tsiku limenelo ndicho chimatiuza kuti iye ndani.

Masamu a pansi pa mtengo

Uphungu wake suli wa mawu akuluakulu. Mayi akabwera n'kunena kuti akufuna K100,000, funso loyamba limakhala lakuti: kodi ndalamayi ikukagwira ntchito, kapena ikukadyedwa? Ikakhala ya geni ya usipa, amakhala naye pansi n'kuwerengera chimodzichimodzi: mtengo wa padoko, nkhuni zofutsira, thandala loyanikira, matumba, ulendo wa ku Lilongwe, chiphaso cha pamsika, ndi usipa umene ungaole mitambo ikaphimba dzuwa. Kenaka amaonjeza chiongoladzanja. M'magulu ambiri chimafika pa K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Ndiye kuti K100,000 ikakhala kunja miyezi itatu imabwerera ili K160,000. Geni imene singabale K60,000 pa miyezi itatu, pamwamba pa zolipira zonse zija, ndi dzenje lokumba wekha. Ambiri amamva masamu amenewa koyamba pansi pa mtengo wa mango.

Kwa msodzi uphungu umatsata kalendala ya nyanja. Mwezi ukawala usipa subwera kunyali. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umakaniza mabwato kulowa m'madzi masiku ambiri. Cha mu Novembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane. Zonsezi zimadziwika chaka chisanayambe, ndipo palibe msodzi amene angati zamudzidzimutsa. Tsono ndalama ya usiku wabwino ili ndi ntchito yodyetsa banja pa usiku woipa umene ukubwera. Mwini boti amalangizidwa kuyamba wapatula ya mafuta, ya injini ndi ya ukonde asanatchule phindu. Mlovi, amene amalandira gawo lake m'mawa padoko pomwepo pamene mowa ndi juga zikumukodola, amalangizidwa kuti kenakake kafike kunyumba kapena kalowe mu foni dzuwa lisanakwere.

Kubwera kwa Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013 kudapeputsa zimenezi, pakuti tsopano ndalama ikhoza kubisala ngakhale kwa mwini wake yemwe. Koma foni yomweyo idatsegulira khomo akuba a mtundu watsopano: otumiza mauthenga onama, ndi oyimba kuti mwapata mphoto pa mpikisano umene simudalowe. Motero pa maphunziro a mlangizi padaonjezeka mutu wina, umene amaubwereza osatopa: nambala yachinsinsi siuzidwa kwa munthu aliyense, ngakhale amene akudzitcha wa ku kampani.

Pali chinthu chinanso chimene mpamba wochepa umateteza, ndipo okhala kunyanja akuchidziwa bwino. Mayi wofika padoko ndalama ili kumpango amagula nsomba n'kubwerera kwawo. Wofika chimanjamanja, kudalira chifundo cha mwini boti pa tsiku limene nsomba zavuta, nthawi zina amalipira ndi ulemu wake, ndipo malipiro otero alowetsa matenda ndi misozi m'makomo ambiri. Mlangizi akamaumiriza amayi kuti asadye mpamba, amakhala akuteteza zoposa geni.

Kukana mbale wako

Mlangizi wa mumzinda akaweruka amasiya anthu ake ku ofesi. Wa kumudzi alibe mwayi umenewo. Amene adamukaniza ngongole Lachitatu amakumana naye pamjigo Lachinayi, amakhala naye pamaliro Loweruka, Lamulungu n'kukhala naye benchi limodzi. Pakagwa zovuta, mbale ya chipepeso imaperekedwa kwa iye. Paukwati ndiye msungichuma wa komiti. Mpingo ukafuna kumanga, anthu amati sankhani uja wa mabuku. Ulemu umenewu ndi katundu wolemera. Iye amadziwa amene ali ndi ngongole m'magulu atatu. Amadziwa mayi amene akubisira mwamuna wake kabuku, ndi bambo amene akukongola m'dzina la mkazi wake. Zonsezi ayenera kuzisunga mumtima. Mlangizi wa pakamwa potayirira amapha gulu msanga kuposa wakuba.

Cholemera koposa ndi abale. Tsiku lina kumadza mlamu madzulo, n'kuyamba ndi moni wautali, kenaka: “Alamu, si inu mumasunga buku? Tangondilemberani, usipa ukafa ndibweza.” Mawa lake kumadza amalume. Yankho ndi limodzi, ndipo ndi lowawa kulitchula: ndalamazo si zake. Kwathu kuno kukana mbale n'chinthu chachikulu. Amatchedwa womana, wodzimva, woiwala kumene adachokera; ndipo akadzafolera nyumba yake ndi malata, manong'onong'o amayamba, ena akuti wadya za gulu, ena akuti wakhwimira. Chifukwa chake mlangizi wanzeru sanyamula bokosi, sasunga kiyi, sawerengera ndalama m'chipinda. Zonse amachitira poyera, kuti ngakhale womuda asowe pogwira.

Tisabise mawu: banki m'khonde yagwetsanso mabanja. Zimayamba pang'onopang'ono. Lamulo la katatu lija limayamba kulumphidwa. Gulu limayamba kukakamiza aliyense kukongola, kufuna asafune, kuti phindu la mu Disembala likule. Kenaka limayamba kubwereketsa anthu akunja pa chiongoladzanja chokwera, ndipo osazindikira lasanduka katapila yemwe lidabadwira kudzamuthetsa. Wina amalowa magulu atatu, n'kumatenga kuno kukabweza uko. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mapeto ake tawaona: anthu a gulu kufika pakhomo m'mamawa kudzanyamula mipando, ziwiya, mbuzi, ngakhale kuzula malata. Ena athawa m'midzi, maukwati atha, ndipo apolisi m'dziko muno akhala akutchula ngongole pakati pa zifukwa zimene ena amadzichotsera moyo.

Tsiku lotero mlangizi amaima pakati pa moto uwiri. Wokongolayo akulira, ndipo misozi yake ndi yoona. Koma ndalama zimene zasowazo ndi za mayi wamasiye amene ankadzimana ndiwo kuti agule sheya imodzi pasabata, ndi za agogo amene akulera zidzukulu. Chifundo kwa wokongola chisasanduke nkhanza kwa osunga, ndipo chilungamo cha osunga chisasiye ana a wokongola akugona pamtetete. Apa ndi pamene luso lake limaonekera: kukhazika anthu pansi, kuimitsa chiongoladzanja kuti ngongole isapitirire kutupa, kuigawa m'zigawo zoti munthu angathe, ndi kutengera nkhaniyo kwa amfumu anthu asanayambe kuzula zitseko. Komabe iye amadziwa kuti chifundo chenicheni chinali “ayi” uja amene akadanenedwa miyezi itatu yapitayo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Palinso nzeru ina imene dera ili limafuna kwa iye. Ku Nkhotakota Akhristu ndi Asilamu akhala khomo ndi khomo kwa zaka zoposa 100: Chisilamu chidafika ndi a Jumbe m'zaka za m'ma 1840, ndipo mishoni ya UMCA idakhazikika mu 1894. Pamkeka umodzi wa banki m'khonde pamakhala onse. Kwa Msilamu wosunga chiphunzitso chake chiongoladzanja n'choletsedwa, ndipo mlangizi wabwino sachita nazo nthabwala. Amathandiza otero kupeza njira yawo: kusonkherana mosinthana monga chipereganyu, kapena kuchita geni pamodzi n'kugawana phindu ndi kuluza komwe. Ngakhale tsiku la msonkhano limafuna kuganiza, kuti lisagwe Lachisanu masana, Loweruka kapena Lamulungu m'mawa pamene ena ali kopemphera.

Ndipo mbiri ya malo ano ili ndi chenjezo lake. Gombe lomweli m'masiku a Jumbe linali doko lalikulu la minyanga ndi akapolo owolotsedwa nyanja. Mtengo umene David Livingstone adakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 ndi chikumbutso cha nthawi imeneyo. Nthaka ino idaonapo malonda amene ankawerenga phindu osawerenga munthu. Aliyense wonyamula kope la ngongole kuno, kaya ndi wa bungwe kaya ndi wa gulu, achite bwino kukumbukira zimenezo.

Zimene maloko sangatseke

Pali wakuba amene sathyola loko. Mu Meyi 2012 kwacha idatsitsidwa mphamvu kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi ya ku America; mu Meyi 2022 idatsikanso ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Gulu limene lidasonkha mokhulupirika chaka chonse cha 2023 lidagawana mu Disembala ndalama zokwanira malinga ndi kope, koma zoperewera pamsika, pakuti injini, ukonde, mafuta, feteleza ndi malata zonse zimatsata mtengo wa ndalama zakunja. Palibe adaba, koma aliyense adaberedwa. Kuchokera apo uphungu wa tsiku logawana udakula mphamvu: ndalama ya pepala si nkhokwe ya zaka. Isandutseni mbuzi, njerwa zootcha, malata, thumba la mpunga loti mugulitse mtengo ukakwera, kapena fizi yolipiriratu.

Madzi nawonso salemekeza maloko. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira adasakaza m'boma la Nkhotakota, makamaka cha ku Dwangwa, ndipo chaka chomwecho nyanja idakwera n'kumeza nyumba za m'mphepete mwake. Bokosi lachitsulo ndi kope sizidziwa kusambira. N'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa magulu kuti bokosi likayamba kulemera, makamaka nthawi yogawana ikamayandikira, ndalama zikagone ku SACCO kapena kubanki, m'buku la gulu lokhala ndi osainira angapo, m'malo mogona kunsi kwa bedi la msungichuma kumene mbala, moto ndi madzi zingazipeze.

Amakumbutsanso anthu za kusiyana kwina. Malamulo a 2010 ndi 2011 adaika mabungwe obwereketsa ndalama ndi ma SACCO pansi pa diso la Reserve Bank of Malawi, pomwe gulu la pansi pa mtengo limadalira maso a eni ake. Tsono akabwera mlendo wolankhula bwino, wolonjeza kuti ndalama yanu ibereka inzake pa mwezi umodzi mukangoitana anzanu asanu, funso ndi limodzi: chiphaso chake chili kuti, ndipo phindulo likuchokera pa malonda anji? Safunsa adadya phula.

Kwa ife owerenga Buku Lopatulika, ntchito imeneyi si yachilendo. Yosefe adalangiza Farao kupatula limodzi la magawo asanu a zokolola m'zaka 7 za chakudya chambiri, kuti dziko lidzadye m'zaka 7 za njala. Sadalenge tirigu watsopano. Adangosamutsa wa nthawi ya zochuluka kupita naye ku nthawi ya kusowa, monga momwe mlangizi wa kunyanja amasamutsira ndalama ya usipa kupita nayo ku miyezi ya mwera. Ndipo tisaiwale kuti asanapatsidwe nkhokwe za Aigupto, Yosefe adayamba waoneka wokhulupirika pa zinthu za eni ake, m'nyumba ya Potifara ndi m'ndende momwe.

Tsono nkhaniyi isathere kwa mlangizi yekha. Ibwere m'nyumba zathu. Kodi pakhomo pathu bambo ndi mayi amadziwana ngongole zawo, kapena wina adzamva tsiku limene mipando ikutuluka? Kodi tili m'magulu angati, ndipo tikubweza ndi phindu la ntchito kapena ndi ngongole ina? Kodi msungichuma wa mpingo wathu, wa bungwe la amayi kapena wa kwaya timamusiya yekha ndi thumba, kenaka n'kudzamuweruza atagwa, pomwe tikadamuteteza pomupatsa anzake owerenga naye? Nanga uja amene adatikaniza ngongole chaka chatha, tikadamusungirabe mangawa, kapena tazindikira kuti denga lili pamutu pathuli lidatsala chifukwa cha iye?

Tsiku logawana likafika, chitenje chimayalidwa pansi, maloko atatu amatsegulidwa pamaso pa onse, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza. Mlembi akatchula chiwerengero cha m'kope, owerenga n'kutchula chomwecho cha pachitenje, nthungululu zimalira. Aliyense amamanga zake kumpango. Mlangizi amalandira kangachepe kake, amabweza kope m'chikwama, n'kukwera njinga yake kupita kumudzi wina kumene akumudikira. Zipatso za ntchito yake sizioneka tsiku limenelo. Zimadzaoneka mu Julayi, mwera ukamaomba, mabwato ali pamchenga, koma utsi ukufuka pakhitchini ndipo mwana wapita kusukulu.